Dothi Lomwe Ransom Anakweza

Marlow Bend, Mississippi
3 Malichi 2011

Delphine mwanangu,

Uli bwanji ku Chicago kumeneko? Ine ndilipo, kungoti mawondo ndi makutu zatha ntchito. Usandiimbirenso foni. Ndimangomva ngati njuchi zili m'botolo, kenaka iwe umakwiya kuti ndikukunyalanyaza. Lemba, ndinakutumiza kusukulu kuti uzilemba.

Mlongo wako Ransom watuluka kundende Lachisanu lapitali. Pa zaka khumi ndi zisanu zija wagwira zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi zinayi zotsalazo amutulutsa pongomuyesa. Mkulu womuyang'anira wanena pamaso panga kuti akangokweza dzanja pa munthu, kapena dzina lake likamveka pa mlandu, abwerera kukamaliza zonse. Ine ndili ndi zaka 73. Akabwerera ndiye kuti sindidzamuonanso.

Kuno sangakhale. Hollis Greer mpaka lero amadyera pa kapaipi chifukwa cha mpini wa khasu womwe Ransom anam'swa nawo chibwano, ndipo ana ake sanaiwale. Loweruka m'mawa ndinapeza galu wathu atam'pachika pa geti ndi waya, mimba atang'amba. Ransom anamutsitsa yekha, kenaka ndinamuona akulowera ku shedi komwe kuli nkhwangwa. Ndinakagona pakhomo la shedi, ine nkhalamba, n'kumuuza kuti ayambe wandiponda. Anakhala pansi n'kulira.

Abusa andithandiza mapepala, ndipo aboma alola kuti akakhale kwa iwe. Akwera basi pa 14. Usandiyankhe za chipinda chochepa kapena za maphunziro ako. Bambo ako akabwera ataledzera, lamba ali m'manja, ankaima kutsogolo kwako ndani? Um'pezere ntchito ya manja, asakhale chabe. Ndipo undiuze, n'zoona zomwe a Mozelle akufalitsa kutchalitchi, kuti ukulima munda pamwamba pa nyumba? Ndinawayankha kuti mwana wanga ndi wamaphunziro, si wamisala.

Mayi ako,
Zelma Pruitt


Chicago
27 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mawondo akukulolani kufika kutchalitchi. Achimwene anafika bwino, ngakhale tinatsala pang'ono kuyamba ndi maliro. Pa depoti mwamuna wina anawagunda phewa n'kuwatukwana kuti, "Yang'ana njira, mbuli ya kumudzi iwe!" Ndinaona khosi lawo likutupa monga linkachitira la bambo. Ndinawagwira lamba kumbuyo mpaka tinatuluka panja.

A Mozelle sananame. Ndikulima padenga, ndipo ndiye kafukufuku wanga. Dera lino munthu amakwera mabasi awiri kuti apeze tomato, pomwe mowa ndi mfuti zili pa kona iliyonse. Tikufuna kudziwa ngati madenga afulati a nyumba zakalezi angadyetse anthu okhalamo. Yunivesite inandipezera nyumba ya nsanjika zisanu, ndipo pamwamba pake ndili ndi mabedi khumi ndi awiri. Chino ndi chaka chachitatu komanso chomaliza. Zikatheka ndilandira udokotala, zikakanika ndatha.

Dothi lake mukanaliona mukanandimenya. Si dothi, ndi timiyala towotcha topepuka ngati mbuliwuli, tosakaniza ndi manyowa pang'ono. Injiniya anayeza dengalo n'kunena kuti mitanda yake ndi ya nthawi ya agogo anu, singasenze dothi lenileni, makamaka likanyowa. Mbewu zimavutika pa timiyalati, ndipo ntchito yanga ndi kupeza kasakanizidwe koti zisavutike.

A Pulofesa Lindqvist, omwe amandiyang'anira, alola kuti achimwene azithirira ndi kusamalira mabedi. Tsiku loyamba anatapa timiyalato, n'kununkhiza, nati, "A Dokotala, ichi ndi chakudya cha mbewu kapena cha nkhuku?" Tsiku lachiwiri anapeza makoswe mu mulu wa manyowa. Anapha asanu ndi atatu ndi fosholo, ndipo anapitiriza kumenya atafa kale, mpaka magazi anafika pakhoma. Mayi Lurleen Vandiver, omwe amakhala ndi amuna awo pansi penipeni pa dengalo, anakwera kudzafunsa ngati tikupha munthu. Achimwene ndimawakonda, Amayi, koma ndimawaopa, ndipo ndatopa kale.

Mwana wanu,
Delphine


Chicago
10 Meyi

Amayi,

Moni. Muli bwanji? Ine ndili bwino, ndikudya, sindinamenye munthu. Lembani zimenezo pa kalendala.

Mzinda uno ndi ndende yaikulu chabe, kusiyana kwake kuno mfuti ali nazo ndi akaidi. Lachitatu masana ndili padenga ndinaona galimoto ikuima. Mfuti inalira kanayi, munthu n'kugwa pokwerera basi, ndipo mayi wina anangomulumpha ndi chikwama chake kuti asachedwe. Ndimapuma padenga pokha.

Koma munda wa mlongo wangayu ndi wochititsa manyazi. Mpiru wachikasu, khobwe wopinimbira, therere lamera n'kuima ngati likudikira chilolezo. Mukathira madzi amangodutsa. Ndinamuuza kuti mbewu zili ndi njala, zikufuna dothi. Anandiwerengera za m'buku, akuti denga, akuti kulemera, akuti ndisayerekeze kuwonjezera ngakhale supuni imodzi. Ndinati, "Chabwino a Dokotala, tizidya manambala."

Dzulo kunabwera bwana wake, mzungu wamtali wopanda magazi. Anayenda pakati pa mabedi manja ali kumbuyo, n'kunena kuti mwina Delphine aganizire ntchito ina. Mwaulemu, Amayi, akumwetulira. Atapita ndinam'peza Delphine pa masitepe akulira, atadziluma dzanja kuti ndisamve. Ndikanatha kum'peza munthuyo asanafike pa galimoto yake, ndipo ndikudziwa pomwe ndikanayambira. Ndinapita kukamenya khoma. Zala ziwiri zatupa, n'chifukwa chake zolembazi zapindika.

Kuseri kwa nyumbayi kuli malo pomwe panapsa tchalitchi. Ndinakumba ndi chidendene: dothi lakuda bii, lonona, la nyongolotsi, ngati la kumunsi kwa munda wathu. Langogona, palibe wolifuna. Ndiuzeni maganizo anu, khasu munandiphunzitsa ndinu.

Ndine,
Ransom


Marlow Bend
16 Meyi

Ransom,

Kalata yako ndaiona, ndipo ndathokoza Mulungu kuti unamenya khoma. Khoma silipita kupolisi. Zalazo uziviika m'madzi amchere.

Ukundifunsa chiyani chomwe sukuchidziwa? Mbewu imadya dothi, basi. Ndalima zaka 60, thonje, chimanga, mbatata, ndipo chomera pa miyala ndinachiona ndi nansongole yekha. Denga lomwe limasenza chipale chofewa chofika m'chiuno chaka ndi chaka, lero ligwe ndi ndowa ya dothi? Injiniyayo anayamba wagwirapo khasu? Anthu amenewa amalemba zoopseza kuti azioneka ofunika.

Mlongo wako ndi wamakani ngati bambo ako. Ukamuuza akana, ndipo alolera kugwa buku lili m'manja. Usamuuze. Sankha masiku omwe amakhala kusukulu, uchotse miyala yakeyo, uike dothi pansi, ubwezere miyala pamwamba kuti maso ake akhutire. Mutu umodzi susenza denga. Iye anakulandira pomwe aliyense anakutsekera chitseko, nawe um'bwezere ndi chomwe uli nacho, msana wako.

Ana a Greer atentha shedi Lamlungu tili kutchalitchi. Nkhuku zinayi zapsera momwemo, ndipo fungo lake silinachoke. Usakwiye, ndikukuuza kuti udziwe chifukwa chake uli kumeneko.

Mayi ako


Chicago
5 Julayi

Amayi anga,

Mwakhala chete, kodi muli bwino? Ine ndikulemba ndikuseka ndekha ngati wopenga. Munda wadzuka! Mpiru wafika m'mawondo, khobwe wayanga mpaka pa mpanda, therere lachita maluwa. Mabedi onse khumi ndi awiri, ngakhale omwe ndinkayembekeza kuti afa. Chifukwa chake sindinachimvetse bwino, koma sikelo sinama. A Lindqvist, omwe ankandifunira ntchito ina aja, abwera kawiri ndi alendo ndi makamera, ndipo tsopano akunditchula kuti mnzawo. Akuti chaka chamawa tichite zomwezi pa nyumba zina khumi.

Lamlungu mayi Vandiver anaphika mpiru wathu ndi nyama ya nkhumba yowamba, ndi buledi wa chimanga, n'kutiitana. Amuna awo, bambo Otis, anagwira zaka 30 ku fakitale ya zitsulo, manja ngati mafosholo, koma akazi awo akangotsokomola amadumpha. Tikudya, mayiwo anati, "Delphine mwanangu, chitseko cha kuchipinda chasiya kutsekeka, ndipo siling'i yachita mng'alu." Bambowo anati, "Ndi mkonono wako umenewo, Lurleen. Zaka 41 nyumba yapirira, lero yatopa." Mayiwo anati, "Khalani chete inu, pukutani msuzi kundevuko, muli ndi alendo." Tinaseka tonse. Ndinauzabe mwini nyumba, ndipo anati nyumba zakale zimatero kukatentha.

Chondidetsa nkhawa ndi achimwene. Aonda, akuyenda chowerama, ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi ndikachoka kusukulu ndimawapeza atagona pansi ndi nsapato zomwe, mapewa atasupuka. Ndikafunsa amati, "A Dokotala, werengani masamba anu." Ndikuopa kuti apeza malo omenyanirana nkhonya mobisa, aliko ambiri kuno. Alembereni, inu amakumverani.

Delphine


Chicago
11 Julayi

Amayi,

Muli bwanji? Ntchito ija yatha, mabedi onse. Chikepe chinafa mu Juni, ndiye zinali ndowa ziwiriziwiri pa masitepe akumbuyo, nsanjika zisanu. Msana wanga ukuti ukakusumireni kukhoti, koma mukanaona nkhope ya Delphine. Amayenda pakati pa therere akuimba. Sindinamumvepo akuimba chichokereni ali ndi zaka 9.

Mundinyadire pa ichi. Tsiku lomaliza kunabwera munthu wina pamalo a tchalitchi paja, akuti malowo ndi ake, ali ndi galu wa mutu ngati ndowa. Anati, "Ukuba chiyani apa, mphawi iwe?" Ine fosholo ili m'manja. Anamasula galuyo, n'kundigwira pa katumba, mano mpaka pa fupa. Ndinaponya fosholo kutali kuti isandiyese, n'kumutsamwitsa galuyo ndi bondo mpaka anasiya. Mwini wake anandimenya khofi, kenaka lina, akuti, "Bweza ngati ndiwe mwamuna!" Ndinaika manja m'thumba, Amayi. M'kamwa munadzaza magazi, ine ndikuwerenga zaka zisanu ndi zinayi chimodzichimodzi mpaka anatopa yekha. Delphine ndinamuuza kuti ndinagwera pa waya.

China ndi ichi. Mvula ikagwa dothi limatuluka pansi pa mabedi n'kumathawira m'timabowo ta madzi ta m'makona a denga. Dothi lomwe ndinalisenza ndekha! Ndatseka timabowoto ndi ziguduli ndi njerwa, monga tinkachitira pa ngalande ya kumunsi kuti nthaka isakokoloke. Tsopano madzi amakhala ndipo mbewu zimamwa pang'onopang'ono.

Ransom


Chicago
26 Julayi

Amayi,

Sindifunsa za moyo wanu lero, mundikhululukire. Denga lagwa.

Loweruka mvula inayamba m'mawa, yamphamvu yomwe sindinaionepo kuno. Cha m'ma 10 ndinathamanga kukaona mbewu. Nditatsegula chitseko cha padenga madzi anandifika m'mawondo, denga lonse lili dziwe. Ndinamva kulira ngati mtengo waukulu ukuthyoka, kenaka mabedi anayi apakati anangomira pamaso panga n'kusiya dzenje. Pansi pa dzenjelo ndi kuchipinda kwa a Vandiver. Mayi Lurleen anali pabedi akupinda zovala.

Tinathyola chitseko ndi bambo Otis, omwe anali atatsika kukagula nyuzipepala. Matope anali ofika m'chiuno, ndipo mtanda wa denga unali utawagwera mayiwo pa miyendo. Tinangoona mutu ndi dzanja limodzi, m'kamwa muli matope, akukuwa dzina la amuna awo. Bambowo ankakumba ndi manja mpaka zikhadabo zinazuka. Achimwene anafika n'kulowetsa phewa pansi pa mtandawo. Ndinamva china chikuthyoka m'thupi mwawo, koma anaukweza. Mwendo wamanzere unatuluka uli lende, fupa loyera lili panja. Adula pamwamba pa bondo, ndipo za wamanja madokotala sakudziwa.

Ambulansi itapita ndinayang'ana manja anga. Matope akuda, Amayi, onata, muli nyongolotsi. Ine sindinakwezepo dothi lotere. Ndinawapeza achimwene pa masitepe akumbuyo, ndipo sanadikire funso. Anati, "Mbewu zinali ndi njala, Delphine." Anandiuzanso za ziguduli zomwe anatseka nazo timabowo ta madzi. Ndinatola fosholo. Ndinawamenya kumsana, m'mutu, pa mkono womwe anatchinga nawo, ndikukuwa mawu omwe sindingakulembereni. Khutu linang'ambika. Sanabweze, sanathawe. Ankangoti, "Menya, mlongo wanga, menya," mpaka mpini unathyoka. Ine amene ndinkawaopa iwo.

Ndinafunsa ngati wina anawatuma, akuti anaganiza okha. Nanenso ndili ndi mlandu wanga. Mbewu sizidzuka choncho popanda chifukwa, ndipo ndikanakumba mpaka pansi ndikanaona. Sindinafune kuona.

Injiniya wapeza dothi ndi ziguduli zomwe. A Lindqvist akukhulupirira kuti ndinaika ndine mobisa kuti zotsatira zikongole, ndiye kuti ndine wachinyengo komanso wopundula munthu. Komiti ya yunivesite yandiitana pa 5 Ogasiti. Ndikanena zoona, dzina la achimwene lifika kupolisi ndi kwa mkulu wowayang'anira. Ndikapanda kunena, ndatha ndine. Ndiuzeni chochita.

Delphine


Marlow Bend
30 Julayi

Delphine,

Kalata yako ndaiwerenga katatu. Mayiyo ndikumupempherera.

Koma ukundifunsa ngati pali njira ziwiri. Njira ndi imodzi: tseka pakamwa. Iwe akakuchotsa sukulu uli ndi mutu, uli ndi zaka 31, upeza pena. Iye akam'tenga adzatuluka ali ndi zaka 50, ine nditaola kale. Ukudziwa zomwe anam'chita m'katimo? Unaona chipsera cha m'nthiti, pomwe anam'baya ndi mswachi wosongola? Sanakuuze chifukwa amakuona ngati mwana.

Unam'menya ndi fosholo munthu yemwe anathyola msana chifukwa cha iwe. Ndikanakhala pafupi ndikanakukwapula ndi chingwe cha ayironi, udokotala wakowo uli apo. Pepala limenelo silinakuyamwitse ndipo silidzakuika m'manda. Chibale ndi fupa, sichiola. Ukatchula dzina la Ransom pamaso pa anthu amenewo usadzapondenso pakhomo pano, ndipo ndiuziratu abusa kuti pa maliro anga adzakubweze pa geti.

Umuuze kuti ndati asatuluke m'nyumba, asatsegule pakamwa. Ndikum'dziwa, afuna kukadzipereka. Umuuze kuti akatero wandipha ndi manja ake.

Mayi ako


Chicago
8 Ogasiti

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, poti zomwe munafuna zachitika. Ndinakhala pamaso pa anthu asanu ndi awiri kwa maola atatu. Anafunsa kuti anakweza dothi ndani, ndinati mundawo unali m'manja mwanga. Anafunsa za wantchito wanga, ndinati ntchito yake inali kuthirira basi. Andilanda makiyi, zaka zitatu zija azifufuta, ndipo za nyumba khumi zija zaimitsidwa. A Lindqvist anandidutsa pakhonde ngati chitsa.

M'dera muno nkhani yafala kale, akuti mtsikana wa ku yunivesite wapundula Lurleen pofuna kutchuka. Lachisanu madzulo njerwa inalowera pawindo la kukhitchini, galasi n'kundicheka patsaya. Loweruka ndinapita kuchipatala ndi maluwa. Bambo Otis anandigwira pakhosi, n'kundikweza mpaka ndinatsala kuima ndi zala, nati, "Unadya pa tebulo langa. Mkazi wanga anakuuza za mng'alu, iwe n'kuseka." Anandilanditsa ndi anamwino awiri ndi mlonda. Dzulo adula mwendo wachiwiri.

Achimwene ndawauza kuti mikwingwirima ya pakhosi ndi ya lamba wa chikwama. Sakudya. Amakhala pa mpando moyang'ana chitseko, nthiti atamanga, ndipo kawiri ndawapeza atavala nsapato. Ndikawawerengera mawu anu aja, akuti akadzipereka akupha inu, amavula.

Anthu a m'nyumba ija asamutsidwa onse, ndipo aitanitsa msonkhano pa 17 ku holo ya tchalitchi kuti ndikayankhe pamaso pawo. Ndipita, ndi anthu omwe ndinawalonjeza chakudya. Musandilemberenso za chibale, ndamva.

Delphine


Marlow Bend
12 Ogasiti

Delphine mwana wanga,

Uli bwanji, pakhosipo patsika? Kalata yako yandipeza dzulo, ndipo ndinakhala nayo pakhonde tsiku lonse osadya.

Ndine ndinam'tuma. Anandifunsa mu Meyi, ine n'kumuuza kuti achotse miyala yako, aike dothi, ndipo asakuuze. Ndinanyoza injiniya wako. Miyendo ya mayi uja ndadula ndine, ndili kuno pa mpando wanga. Kenaka ndinachita mantha, ndipo m'malo movomera ndinakuponya iwe pamoto. Moyo wako wonse ndakhala ndikutero. Chifukwa sunkalira, ndinkati sukumva kuwawa. Ndachita manyazi, mwanangu, ndipo sindikudziwa poika nkhope.

Nena zoona. Ku msonkhanoko usapite wekha, ndipo usapite ndi bodza langa. Yamba wapita kwa loya ndi Ransom ndi kalata ino, uwaonetse onse, a komiti ndi bambo Vandiver omwe. Ngati pali woyenera kugwidwa pakhosi, adilesi yake ndi ili pamwambayi. Za Ransom ndazisiya m'manja mwa Mulungu, poti m'manja mwanga zaonongeka.

Ndiipereka kwa a Mozelle kuti akaponye mawa akamapita m'tauni.

Mayi ako wolakwa,
Zelma


Chicago
23 Ogasiti

Amayi,

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, muwerenge modekha. Kalata yanu ya pa 12 yafika Loweruka, pa 20. Chidindo chake ndi cha pa 17. Muwafunse a Mozelle komwe inagona.

Ku msonkhano ndinapita ndekha, nditawatsekera achimwene m'nyumba. Holo inadzaza. Ndinaima kutsogolo n'kunena kuti ndinalakwa. Mayi wina anandilavulira. Kenaka anthu anapatuka, bambo Otis akubwera pakati, atanyamula chitsulo chomasulira matayala. Sanakuwe. Anati, "Lero Lurleen wandifunsa kuti nsapato zake tipatsa ndani." Ndinatchinga ndi mkono, unathyoka pawiri, ndinaumva. Kachiwiri anandipeza m'nthiti ndili pansi. Anakweza kachitatu molunjika mutu.

Achimwene anali atathyola chitseko n'kunditsatira, ndipo nthawi yonseyo anaima kumbuyo ali chete monga munawalamulira. Sindinawaone akudumpha mipando. Ndinangomva bambo Otis akugwa pambali panga, achimwene ali pamwamba pawo akukuwa, "Ndine! Ndinasenza dothi ndine! Menya ine, galu iwe!" Koma ankamenya ndi iwo. Nkhonya iliyonse inkamveka ngati dzungu likusweka. Amuna asanu analephera kuwachotsa. Ndinakwawa n'kuika nkhope yanga pakati, ndipo ndi pomwe anaima, dzanja lili m'mwamba, magazi akudontha pa chigongono. Apolisi atafika anagona pansi okha, komabe anawaponda pakhosi n'kuwathyola mano awiri.

Bambo Otis agonekedwa kuchipatala, nsanjika imodzi ndi akazi awo. Diso lamanja lafa, ndipo sanayambe kulankhula. Mayi Lurleen akufunsa anamwino chifukwa chake amuna awo asiya kudzawaona.

Dzulo ndinaonana ndi loya, ndinamuonetsa kalata yanu. Anawerenga, n'kuvula magalasi. Akuti za dothizo sizikanabweza achimwene kundende. Wantchito wolakwitsa popanda cholinga choipa, yemwenso anakweza mtanda kupulumutsa wovulala, mkulu wowayang'anira akanangomukalipira, ndipo mlandu ukanakhala wa mwini nyumba ndi yunivesite. Tikanangonena tsiku loyamba. Koma zomwe zachitika ku holo pamaso pa anthu zana ndi zaka zisanu ndi zinayi zija, kuwonjezera zina zomwe woweruza adzaikepo.

Achimwene ndawaona m'mawa uno, pakati pathu pali galasi. Ndinawauza kuti mwavomera zonse. Anati, "Uwauze amayi asakwere basi, mawondo awo sangapirire. Uwauzenso kuti ndinayesetsa."

Munandiuza kuti nditseke pakamwa kuti mwana wanu asabwerere kundende. Ndinatseka, Amayi. Akuwasamutsira ku ndende yaikulu Lachisanu.

Delphine